NSIMA YACHULUKA, NDIWO ZACHEPA

Mukafika pa khomo lina lili lonse kwa Kapondo, m'boma la Mchinji, m'mwezi wa Febuluwale, ndi kufunsa mwini khomo ngati chaka chino ali ndi chakudya, maso ake sapita ku khola la mbuzi, sapita ku dimba, ndiponso sapita ku maungu amene ayanga m'munda. Maso ake amathamangira ku nkhokwe, kapena, monga zilili masiku ano, ku matumba amene anawaunjika kuchipinda poopa akuba. Chimanga chikakhala kuti chatha, yankho lake limakhala limodzi: "Kuno kuli njala." Munthu woti wadya mbatata m'mawa, maungu masana ndi chinangwa madzulo, akagona osalawa nsima amauza anzake kuti wagona ndi njala. Boma nalonso limawerenga chimodzimodzi. Chaka ndi chaka Unduna wa za Malimidwe umalengeza matani a chimanga amene dziko likuyembekeza kukolola, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chimatiuza ngati tikondwere kapena tide nkhawa. Za matani a nyemba, nzama ndi khobwe, ofunsa ndi owerengeka.

Nkhani yathu lero, owerenga, ndi ya mbale inayo, mbale yaing'ono imene imakhala pambali pa nsima. Tifuna tione mmene yasinthira kuyambira nthawi ya agogo athu kufikira lero, pakuti thupi la mwana limamangidwa ndi za m'mbale imeneyo koposa za m'mbale yaikulu. Tasankha kuiyang'anira nkhaniyi kuchokera ku Mchinji chifukwa bomali lili ndi chodabwitsa chake. Nthaka yake ndi yabwino, mvula imagwa yokwanira zaka zambiri, mtedza ndi soya zimachoka kumeneko pa malole kupita ku Lilongwe. Komabe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 44 mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu m'bomali anali opinimbira, pamene m'dziko lonse anali 37.

Choyamba tikumbutsane kuti chimanga ndi mlendo. Kwao ndi ku America, ndipo chinafika m'magombe a Africa pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Makolo athu asanachidziwe ankasinja mapira, mawere ndi mchewere, ndipo ngakhale chitafika chinatenga nthawi yaitali chisanalande ufumu. Chinapambana pa zifukwa zomveka. Chimacha msanga, chimadyeka chili chachiwisi pamene nkhokwe zauma, ndipo makoko ake amachibisa ku mbalame, pamene mapira amafuna munthu wokhala pa nsanja tsiku lonse kuingitsa mpheta. Amuna atayamba kupita ku migodi ya Johannesburg ndi ku mafamu a Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho, manja anachepa pamudzi, ndipo amai otsala anakonda mbeu yosavuta kuisamala. Palibe amene angawadzudzule.

Umboni wolembedwa wa kadyedwe ka m'midzi tili nao kuyambira m'chaka cha 1938, pamene boma la atsamunda linatuma gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr. B.S. Platt kukakhala m'midzi ya m'boma la Kota Kota ndi kuyeza pa sikelo zimene anthu ankaika mu mphika. Iwo anapeza kuti chakudya chinkachepa m'dzinja, nthawi imene ntchito ya khasu yafika pa mponda chimera, ndi kuti mafuta ndi nyama zinali zosowa. Koma mitundu ya ndiwo inali yochuluka, kotero kuti mmodzi wa iwo, Mai Jessie Williamson, anadzalemba buku lathunthu lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene linatuluka m'1955, lofotokoza zomera mazana angapo pamodzi ndi maina ake m'zinenero zathu.

Mwana wa sukulu wa lero atatsegula bukulo angapezemo maina ambiri amene sanawamvepo chibadwire. Mai wa kwa Kapondo wa masiku amenewo sankagula ndiwo. Mvula ikangogwa ankathyola bonongwe, luni, chisoso ndi denje m'mphepete mwa munda, kenaka nkhwani, khwanya ndi chitambe, zimene zinkamera m'munda momwemo mwa chimanga. Zochuluka ankazifutsa, kuziyanika, ndi kuzimanga m'zikwatu za masamba a msuku, nazipachika kudenga, kuti m'chilimwe, kunja kutauma gwa, pakhomo pakhale mfutso. Ndiwo zimenezi ankazitendera ndi nsinjiro, ndipo apa ndipo panagona nzeru, popeza mtedza ndiwo unkapereka mafuta ndi zomanga thupi zimene nyama ikadapereka. M'nkhalango munali bowa, masuku, maula, nthudza ndi matowo. Inswa zinkatuluka ndi mvula, mphalabungu ndi matondo zinkapezeka m'mitengo pa nyengo yake, anyamata ankakumba mbewa anthu akatha kukolola, ndipo m'madambo a mtsinje wa Bua munali milamba ndi matemba. Zina mwa zimenezi ophunzira amaziyang'ana ndi diso la manyazi, koma kunena zoona mbale ya inswa ili ndi mafuta ndi zomanga thupi zimene simungazipeze m'mbale ya kabichi.

Komatu tisanamizane kuti kale kunali paradizo. Ana ankafa, ndipo ankafa ambiri. Mwana akatupa miyendo ndi masaya, tsitsi n'kufiira, akulu ankati ndi tsempho, nayamba kufufuza kuti walakwa ndani pakati pa bambo ndi mai, pamene vuto linali phala lamadzimadzi la ufa woyera lopanda kanthu kena. M'madera ambiri mazira ankaletsedwa kwa ana ndi kwa amai apakati, ndipo nkhuku ikaphedwa ziwalo zonona zinkapita kwa abambo ndi alendo. Chifukwa cha ana otere a chipatala cha mishoni ku Likuni anayamba kukonza ufa wosakaniza umene mpaka lero timautcha Likuni Phala. Ngakhale posachedwapa, m'chaka cha 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015-16 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Wonena kuti zakale zonse zinali zabwino akafunse agogo ake kuti anabereka ana angati, ndipo anakula ndi angati.

Dziko litalandira ufulu m'1964, Dr. Kamuzu Banda ankabwereza pa misonkhano yake kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Chakudya chimene chinkanenedwacho chinali chimanga, ndipo iye mwini ankayendera minda chaka ndi chaka kukaona mmene chaberekera. ADMARC, imene inakhazikitsidwa m'1971, inatsegula misika mpaka kumidzi yakutali, nimagulitsa chimanga pa mtengo umodzi m'dziko lonse. Zimenezi zinathandiza, ndipo sitingakane. Koma alangizi a masiku amenewo ankaphunzitsa kuti mlimi wotsogola, mchikumbe weniweni, amabzala chimanga pachokha m'mizere yolambulika, osasakaniza ndi nyemba kapena maungu monga ankachitira amai ake. Munda unakongola m'maso mwa mlangizi, koma ndiwo zinali zitatulutsidwamo.

Pa nthawi yomweyo, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, malo ambiri a ku Mchinji ndi Kasungu anasanduka maesiteti a fodya. Fodya amadya mitengo. Wina amafuna mitengo yomangira zigafa, wina amafuna nkhuni zoumitsira m'mabani. Ndipo nkhalango ikamapita sipita yokha. Bowa wambiri amene timadya amamera pa mizu ya mitengo ya chilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku, motero simungamupeze pansi pa bulugama. Mphalabungu nazo zimatsata mitengo yake. Wodula mtengo amaona nkhuni zokha, osadziwa kuti wadulira kumodzi ndiwo za adzukulu ake.

Onjezani pamenepo kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi muno, wa 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Boma la Mchinji lokha linali ndi anthu pafupifupi 250,000 m'1987, koma pofika 2018 anali atapitirira 600,000. Munda umene unkadyetsa banja limodzi lero wagawidwa kwa adzukulu ambiri, ndipo munthu wa ekala imodzi akakhala pansi kusankha chobzala, nzama ndi mawere ndizo zimayamba kutsala.

Nsomba nazo zinachepa. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya pafupifupi makilogalamu 14 a nsomba pa chaka, koma m'zaka za m'ma 2000 chiwerengerocho chinagwa kufika pansi pa 6. Chambo chinatha m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo cha m'nyanja yaikulu chinasanduka ndiwo ya m'mahotela. Chimene chapulumutsa anthu ndi usipa. Bonya amene amaunjikidwa timilu pa misika ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda ndi wonyozeka m'nkhani za pawailesi, koma popeza timamudya ndi mutu ndi minga yomwe, amapatsa thupi michere yolimbitsa mafupa ndi yoonjezera magazi. Vuto lake si kuchepa kwa ulemu. Vuto ndi lakuti kamulu kamodzi kamagawidwa kwa anthu asanu ndi awiri, ndipo mwana wamng'ono amangolandira msuzi.

Tsopano tibwere ku nsima yeniyeniyo, pakuti nayonso ili ndi nkhani. Mtima wa Mmalawi uli pa ufa woyera. Kuti ufa uyere, chimanga chimakonoledwa, madeya amapetedwa, mphale imaviikidwa m'madzi masiku angapo, kenaka imatsukidwa, kuyanikidwa ndi kugayitsidwa. Pa ntchito yonseyi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga limatayika, ndipo gawo lotayikalo ndilo lili ndi mafuta, mavitamini ndi michere yambiri. Timadyetsa nkhumba ndi nkhuku chonona, ife n'kutsala ndi choyera. Chikondi chimenechi ndi champhamvu kotero kuti chinagonjetsa ngakhale akatswiri a mbeu. Amai anakana chimanga cha haibulidi choyambirira chifukwa chinkaphwanyika mu mtondo ndi kufumbwa msanga m'nkhokwe, mpaka m'1990 a kafukufuku ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, zolimba ngati chimanga cha makolo. Mgaiwa umatengedwa ngati chakudya cha ku ndende, cha ku sukulu zogonera komweko ndi cha chaka cha njala, ndipo banja lodya mgaiwa limaopa kuti anansi aona kuti lasauka.

Zimene zimachitika munthu akadalira chimanga chokha tinazionera pa abale athu othawa nkhondo a ku Mozambique. M'chaka cha 1990 mtedza umene unkagawidwa m'misasa yao unasowa kwa miyezi ingapo, ndipo anthu oposa 18,000 m'chigawo cha kummwera anadwala pelagra, nthenda imene imadetsa ndi kusupula khungu pa khosi ndi pa mikono, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Ufa anali nao. Chimene chinasowa ndi kamtedza ka m'manja. Ndipo tisaganize kuti imeneyi ndi nthenda ya m'misasa yokha, popeza m'2015 ndi 2016 inabukanso kwa anthu mazanamazana m'dera la Kasese ku Dowa, pakati pa alimi okhala pa midzi yao.

A ku Mchinji sangaiwale chaka cha 2002. Kumapeto kwa 2001 bungwe la Save the Children linachenjeza kuti ku Mchinji ndi ku Salima zinthu zaipa, koma boma linalengeza za tsoka la njala pa 27 Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kudya madeya, zitsa za nthochi ndi chimanga chosakhwima. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Mbuzi, njinga ndi mawailesi zinapita pa mtengo wa mbale zochepa za ufa. Amene anaona zimenezo ndi maso sungamuuze kuti achepetse munda wa chimanga, ndipo andale anaphunzira phunziro lomwelo. Kuyambira m'2005, mu ulamuliro wa Dr. Bingu wa Mutharika, makuponi a feteleza anakhala mtima wa ndondomeko ya ulimi, ndipo maboma onse otsatira anapitiriza ndondomekoyo. M'zaka zina munkakhalanso kapaketi ka mbeu ya mtedza, nyemba kapena soya, koma ndalama zochuluka zinkapita ku feteleza wa chimanga, ndipo nthawi zambiri ndondomekoyi inkameza gawo lalikulu la ndalama zonse za Unduna.

Zotsatira zake zinaoneka m'mbale. Akatswiri a bungwe la IFPRI atayerekeza kafukufuku wa m'makomo wa 2004-05 ndi wa 2010-11 anapeza kuti chimanga chimene munthu mmodzi ankadya chinachuluka, pamene nyemba ndi zinzake zinachepa. Mpaka lero mphamvu zoposa theka zimene Mmalawi amapeza m'chakudya zimachokera ku chimanga, ndipo maiko otiposa pa zimenezi ndi ochepa pa dziko lonse lapansi.

Sikuti palibe chabwino chimene chachitika. Kupinimbira kwa ana kunali pa 55 mwa 100 m'chaka cha 2000, kunatsika kufika pa 47 m'2010, ndi pa 37 m'2015-16. Kusowa kwa vitamini A pakati pa ana ang'ono kunali pa 59 mwa 100 m'2001, pa 22 m'2009, ndipo pofika 2015-16 kunali pa 4 pokha. Chimenechi ndi chipambano chachikulu chimene sitichitchula mokwanira. Koma taonani kumene chinachokera. Vitamini A anabwera m'timibulu timene ana amalandira ku sikelo, mu shuga amene anayamba kuthiridwa vitaminiyu ku fakitale m'2012, ndi m'mafuta ophikira. Chizindikiro cha khosi lotupa chinachepa chifukwa cha mchere wothira ayodini. Zonsezi ndi ntchito za chipatala ndi fakitale, osati za munda. Zimene fakitale singathe kuthira mosavuta zidakali zosowa. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana ang'ono 60 mwa 100 ali onse ankasowa mchere wa zinki, umene umachokera ku nyama, nsomba, nyemba ndi mtedza, ndipo umafunika kuti mwana atalike ndi kulimbana ndi matenda. Pa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 ndiwo ankalandira chakudya chokwanira m'mitundu yake ndi m'kawirikawiri kake. N'zosadabwitsa kuti kafukufuku wa 2024 anapeza kupinimbira kuli pa 38, kusonyeza kuti kwa zaka pafupifupi khumi takhala tikupondaponda pamodzimodzi.

Nanga bwanji Mchinji, kwao kwa mtedza? Pamenepa m'pofunika kufatsa.

Mtedza wa ku Mchinji unasiya kalekale kukhala ndiwo, unasanduka ndalama. Chalimbana wa maso akuluakulu ankapita ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, kufikira pamene misika ya kumeneko inakhwimitsa malamulo pa nkhani ya chuku. Alimi a bungwe la MASFA, limene ndi nthambi ya NASFAM ku Mchinji, anatsegulanso khomolo atalandira chiphaso cha Fairtrade m'2004 ndi kuyamba kutumiza mtedza ku Britain. Imeneyi ndi nkhani yonyaditsa. Koma wogula ali yense, kaya ndi wa ku London kaya ndi venda wa sikelo yopachika pa mtengo, amafuna mtedza wosankhidwa. Tsono mai akakhala pa mphasa kusankha, wokhwima bwino umalowa m'thumba logulitsa, ndipo wofwapa, wosweka ndi wothimbirira umatsala m'lichero kuti ukhale nsinjiro za pakhomo. Mtedza wotsalawo ndiwo umakhala ndi chuku wambiri, makamaka ngati makoko anawazidwa madzi kuti asavute kusenda. Poizoni wa chuku saoneka ndi maso, satha ndi moto wa pamafuwa, amaononga chiwindi, ndipo akatswiri ambiri amamuganizira kuti amathandizira kupinimbiritsa ana. Motero mwana wa mlimi wa mtedza amadya mtedza woipa kuposa mwana wa m'tauni.

Soya ulendo wake ndi wozungulira. Amachoka kwa Kapondo m'Epulo ndi m'Meyi pa mtengo wa nthawi yokolola, pamene ali yense akugulitsa, napita ku mafakitale kumene amafinyidwa mafuta, gaga wake n'kukhala chakudya cha nkhuku. Wina amabweranso ku golosale ya pamudzi pomwepo ali m'kapaketi ka soya pisi, ndipo mlimi amagula dzanja limodzi la mbeu yake yomwe pa mtengo umene iye sanaulandirepo. Kukazinga soya ndi kumgayitsa pamodzi ndi chimanga kuti akhale ufa wa phala si ntchito yovuta, koma thumba likhala litapita kale.

Pali ena amene amati vuto ndi umbuli, kuti anthu akumudzi sadziwa kadyedwe. Ife sitigwirizana nao kwenikweni. Mai amene akugulitsa mtedza wake wonse amadziwa bwino kukoma kwa nkhwani wotendera. Akugulitsa chifukwa pali fizi, sopo, ngongole ya ku banki mkhonde, ndi feteleza wa chaka chamawa. Umboni wake uli ku Mchinji komweko. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayambira m'bomali m'chaka cha 2006, ndipo ofufuza atayendera mabanja olandira ndalamazo anapeza kuti anayamba kudya kangapo pa tsiku ndi kugula nsomba, nyama ndi zina zimene kale sankazilawa. Palibe amene anachita kuwaphunzitsa kuti usipa ndi wabwino. Palinso nkhani ya nthawi. M'Januwale ndi m'Febuluwale, pamene ana amadwala kwambiri malungo ndi kutsegula m'mimba, mai amakhala ali ku ganyu kapena akusoka fodya kuyambira mbandakucha, ndipo khanda limatsala ndi mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi kambale ka phala lozizira. Abambo amene amagwira ndalama ya fodya ndi soya ali ndi mbali yao pa mlanduwu, ndipo si yaing'ono.

Pamene ndiwo zakale zikuchoka, zatsopano zikulowa. Pa malo ali onse a malonda pali chiwaya cha tchipisi, pali zigege ndi mandasi, pali zakumwa zotsekemera ndi timapaketi ta zokhwasula timene ana amagula pa chipata cha sukulu. Mafuta ophikira, amene m'masiku a Platt anali osowa, lero amagulitsidwa m'timachubu ta ndalama zochepa, ndipo nsinjiro zikusiyira malo tomato, anyezi ndi supuni ya mafuta. Mazira ndi nkhuku za chizungu zikupezeka kuposa kale, ndipo chimenecho n'chabwino. Koma pali mtengo wake. Amai onenepa kupitirira muyeso anali 10 mwa 100 m'1992. Pofika 2015-16 anali 21. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene tinkati ndi a mabwana, afika m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Si zachilendonso kupeza pakhomo limodzi mai wonenepa ndi mwana wopinimbira, onse awiri akudya m'mphika umodzi wa nsima yambiri ndi ndiwo zochepa.

Zaka zaposachedwazi zafinya mbale yaing'onoyo koposa. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 m'Novembala 2023. M'Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za tsoka la chilala m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo kutsidya kwa malire Zambia nayo inali italengeza tsoka lomwelo. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linafika pafupi ndi K100,000 m'misika ina. Kwa anthu a m'malire mtengo wa ku Chipata umamveka msanga kuposa wa ku Lilongwe, ndipo matumba amayenda pa njinga m'tinjira ta kutchire kulowera kuli konse kumene ndalama yaitana, osadikira chipata cha pa Mwami. Chimanga chikakwera chotero, banja silichepetsa nsima poyamba. Limayamba lachotsa bonya, kenaka mafuta, kenaka nyemba, mpaka patsale masamba owiritsa ndi mchere. Woyeza njala ndi matumba a chimanga saona kuti zimenezi zachitika.

Inu aphunzitsi mumaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ana amawaloweza, nawalemba bwino pa mayeso, koma zitsanzo zimene amapereka ndi buledi, maapozi ndi soseji, ngati kuti magulu amenewa amakhala m'sitolo. Mwana akadziwa kuti inswa ndi mbewa zili m'gulu limodzi ndi nyama ya ng'ombe, kuti masuku ndi chipatso ngati lalanje, ndi kuti chisoso chimaposa kabichi, adzasiya kuchita manyazi ndi mphika wa amai ake. Dimba la sukulu lisakhale la repu ndi tomato wogulitsa yekha. Mulowemo bonongwe, luni ndi mbatata zofiira m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, zimene mbeu yake ana angatengere kwao. Ndipo inu amene mwangotsiriza sukulu n'kubwerera kumudzi, mau anu amamveka pa nthawi yogulitsa mbeu. Ndowa ziwiri za mtedza wosankhidwa bwino, wouma bwino, zisachoke pakhomo. Phala la mwana likhale la mgaiwa wothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, ndipo soda achepe m'masamba, popeza amapha mavitamini amene tikuwafunawo.

Pali ntchito ina yaing'ono imene mphunzitsi ali yense wa kwa Kapondo angachite popanda ndalama ndi popanda chilolezo cha ku likulu. Funso limene a kafukufuku amayenda nalo m'dziko lonse ndi lapafupi: dzulo, kuyambira m'mawa mpaka pogona, mwadya chiyani? Ana a Sitandade 7 alembe mayankho pa timapepala topanda maina, kuti wina asasekedwe, ndipo kalasi yonse iwerengere pamodzi kuti pa kapepala kali konse pali magulu angati. Muchite zimenezi m'Febuluwale, musunge timapepalato, mubwerezenso m'Juni anthu atakolola ndi m'Okutobala kunja kutauma. Zotsatira zake mupite nazo ku komiti ya sukulu, kwa mlangizi wa zaumoyo ndi kwa anyakwawa, mwezi wogula mbeu usanafike.